Chingwe cha Galu wa Bambo

"Wokusekerera kwambiri usamufulatire," ankatero mayi anga. Ndimawamverabe mpaka muno mu Dubai.

Mwana wanga wabweretsa kagalu pafulati pathu, kudera la JVC. Akuti tikalere chaka chimodzi, kenako eni ake adzakatenge kuti kazikatsogolera anthu osaona. Eni akewo amabwera kudzakaona, mano onse pamtunda, ati "habibi, habibi," ndiye kuti "wokondedwa" m'Chiarabu. Ine sindiwapatsa ngakhale madzi. Dzulo kananyowa m'bafa, ndipo fungo lake linandibwezera kwathu ku Dedza.

Bambo anga sankaona. Galu wathu ndiye ankawatsogolera kutchalitchi ndi kumsika. Chaka china kunagwa chiwewe, boma linalamula kuti agalu onse amangidwe, wopezeka akuyendayenda awomberedwe. Wathuyo tinamumangirira kumtengo wa pichesi.

Tsiku lina mayi atapita kuchigayo, kunabwera mayi ena oyandikana nafe, omwe ankati galuyo amawadyera mazira.

"Iwe mwana, chifundo ulibe? Taona lilime lili panja. M'masule akamwe kudambo, abwerako pompano."

Anandisekerera, nandipatsa kanzimbe. Ndinamasula.

Ndisanamalize n'komwe nzimbeyo, mfuti inalira kumsewu, kamodzi kokha. Pocheuka ndinapeza mayi aja, mfiti yeniyeni, atalowa kale m'nyumba mwawo, chitseko chili tseke.

Bambo anatuluka akupapasa khoma. Anaimba mluzu kawiri, kenako n'kutchera khutu.

"Wamva mfuti ija, mwanawe? Wathuyu ali pachingwe, eti?"

"Ali pompo, bambo, wagona," ndinatero, uku ndikubisa chingwecho kumbuyo ngati angachione.