Foni ya Kalitawu Kamodzi

Ine sindichedwa kupsa mtima, ndipo pa nkhani ya mafoni ndinkapsa mtima kuposa pa mpira. Kuyambira pamene mafoni opanda mabatani anafika ku Furancungo, ndinkagula mtundu umodzi wokha. Ina ikafa ndinkagula mng'ono wake. Batire yake inkagona masiku, foniyo ikagwa m'munda wa fodya unkangoipukuta pa buluku, ndipo inkalowa makalitawu awiri, masimukhadi tinene, ka Mosambiki ndi ka Malawi. Kwa ife a m'malire chachikulu ndi chimenecho. Pamsika wina akanyoza mtunduwo ndinkadzuka pa benchi, mpaka anzanga anazolowera kundiputa dala akafuna kuseka.

Ku Macanga ndinali mkamwini. Ndinakwatira kumeneko ndili mnyamata, ndinamanga pa dothi la akuchikazi, ana onse anabadwira pomwepo. Mkazi wanga atamwalira, nthawi ya maliro itatha, abale ake anandisudzula monga mwa mwambo. Sananene choipa. Anandithokoza, anati ndine womasuka, ndikhoza kubwerera kwathu, ndikhoza kukwatira. Ndinatenga njinga, wailesi ndi makasu, ndinabwerera ku Tsangano, cha ku Ntengo-Wambalame. Anzanga a paubwana ena ndinawapeza ali kumanda, otsalawo ankandiona ngati mlendo wodzalima kachewere.

Amene sanandisudzule anali mlamu wanga, mchimwene wake wa malemuwo. Kumudzi kwake redi, netiweki ya foni, ya Mosambiki sifika, ya Malawi imagwira pa chulu chimodzi kuseri kwa shedi yake ya fodya. M'mawa uliwonse asanalowe m'munda ankakwera pachulupo n'kundibipa. Foni inkalira kamodzi n'kuduka, ine ndinkabweza. Saldu, ndalama ya m'foni, sinkatha, koma aliyense ankadziwa kuti mnzake wadzuka. Lamulungu mmodzi wa ife ankaimba zenizeni, ndipo nthawi yonse inkathera chipongwe.

"Mngoni wopanda ng'ombe, chisanu sichinakuphe?"

"Chikandipha adzakuphunzitsani kusamba ndani, alamu?"

"Kachewere wakutupitsa mimba, ndikumva m'mawu. Ukudya wekha ngati mfiti."

M'nyumba mwanga umo, ameneyo ndiye anali munthu yekha wonditchula kuti iwe.

Nthawi yokumba kachewere, mwana wanga woyamba anabwera kuchokera ku Tete komwe amagwira ntchito. Ananditulutsira foni m'kabokosi koyera, ya mtundu wina umene ndinkaunyoza kuti ndi wa anthu osagwira khasu.

"Papa, yanuyo galasi linasweka, ikukudulani zala. Mukutichititsa manyazi."

"Manyazi akugwira iwe kapena foni? Iyi yandiona ndikuika mayi ako m'manda."

"Purontu, basi papa, ndibwerera nayo."

Anayamba kuibweza m'kabokosi mwakachetechete, ndipo nkhope imene anachita inali ya mayi ake. Ndinalandira. Yakaleyo anati akaifufuta n'kupatsa mwana wake aziseweretsa. Atatsegula m'mbali mwa yatsopanoyo ndi kawaya kake, ndinaona kuti muli malo a kalitawu kamodzi. Anaikamo ka Mosambiki, chifukwa ndi pamene amandiimbira ogula kachewere komanso iye mwini. Ka Malawi anandiika m'manja ngati chenji. Anati manambala onse wasamutsa, n'kukwera shapa, minibasi yobwerera ku Tete.

Sanasamuke onse. Ya mlamu wanga sinabwere, ndipo pamtima sindinkaidziwa, chifukwa zaka zonsezo ndinkangodina dzina lachipongwe limene sindingalembe pano. Ndinati palibe vuto, mawa ndisintha kalitawu, abipa, nambala ioneka. Koma kawaya kaja kanapita ku Tete m'thumba la mwanayo. Ndinayesa singano, inapindika. Ndinayesa minga, inathyokera m'kabowomo n'kutsekeratu. Wokonza mafoni pamsika wa Tsangano anaitembenuza, n'kundibwezera ngati yatentha.

"Izi sitigwira, madala. Ndikaiwononga ndigulitsa nyumba. Pitani nayo kutauni."

Ndinamutukwana, koma mingayo inakhala momwemo. Ntchito inali yothina, malole akudikira matumba, ndipo kutauni ndinapita mochedwa kwambiri. Okonza a kutauniko atachotsa minga ija ndinaika kalitawu ka Malawi, ndinadzuka m'mamawa, foni pa bondo, kudikira. M'mawa wina, winanso, zii. Mtima unandiwira. Ndinati munthu uyu wangoona foni yazima pang'ono, basi waleka? Nambala ndikanafunsa ana, inde, koma kufunsa mwana nambala ya malume ake n'kumuuza kuti akuluakulu atayana. Ndinati wamkulu ndi iyeyo, nambala yanga ali nayo. Ndinatulutsa kalitawuko n'kukaponya m'chitini cha misomali.

Foni yatsopanoyo inali yokongola, sindikana. Zithunzi za adzukulu zinkaoneka ngati ali pakhonde. Koma inandichotsa pakati pa anthu. Kwa wometa, komwe amuna amasiya mafoni pa moto n'kumacheza, chingwe chilichonse chinkakana kulowa mwa ine, ndiye ndinkatchaja kunyumba pa sola, ndekha. Anzanga akamapatsirana nyimbo ndi timafilimu ta mpira, yanga sinkalandira. Wailesi inalibe. Amene ndinkakangana nawo anasiya kundiputa, anayamba kundipatsa moni ngati ndine wa ku boma. M'mawa ndinkadzuka nthawi yomweija, thupi litazolowera, n'kukhala pa mphasa kumvera nkhuku za eni ake. Ndinadzipeza ndikulankhula ndi ketulo.

Mvula itayamba, mwana wanga wamkazi, amene anatsala pamudzi pa mayi ake, anandiimbira ali pamsika wa Furancungo. Moni anaupereka mwachidule.

"Papa, mwakwatira osatiuza?"

"Wamwa chiyani iwe?"

"Malume anaimba pa nambala yanu ya Malawi, anayankha mzimayi. Akuti anawauza kuti asamuvutitse m'mawa. Mudzi wonse ukudziwa."

Ndinakhuthula chitini chija pansi. Kalitawu kanali pomwepo pakati pa misomali, koma nditakaika m'foni kanali kakufa. Nambala ikagona nthawi yaitali amaipatsa munthu wina, zimenezo sindinkazidziwa. Kwinakwake ku Malawi kunali mayi wosalakwa amene ankayenda ndi nambala yanga.

Ndinakwera shapa m'matope, kenako ina, kenako mota, njinga yamoto, yomwe inanditsitsa kawiri kuti tikankhe. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkadziwa kuti akandiona ayamba ndi iye, anditcha galu wa chikwati, ine ndimubwezera, titukwanana mpaka akazi atuluke m'makhitchini, kenako tiseka.

Ndinamupeza akusoka thumba pakhonde. Anaimirira, analowa m'nyumba, anatuluka ndi mpando wa alendo, uja wa nsalu. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo sindinaukhalepo, malo anga anali pa mtondo wogubuduza. Anakhala pansi n'kuomba m'manja.

"Mwayenda bwanji, bambo? Kunyumba mwasiya bwanji?"

"Alamu, bambo wake uti? Ndine ndemwe."

"Tikuonani. Mayi, alendo abwera, gwirani nkhuku."

Ndinatulutsa foni, ndinatsegula m'mbali, ndinamuonetsa malo amodzi aja. Ndinafotokoza za minga, za wokonza mafoni, za nambala yopatsidwa kwa wina. Ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga mulibe mkazi, ngakhale mphaka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu.

"Zamveka. Ine ndinabipa mpaka fodya tinamaliza kumanga. Ndinaganiza kuti mwadwala, ndinafunsa ana, anati muli bwino, mwalandira foni yodula. Ndiye ndinati chabwino."

"Nanga bwanji simunatume mwana kuti andiuze?"

"Nanga inu?"

Apo ndinakuwa. Ndinati iye ndi wouma mutu, ndi nkhalamba yokhulupirira mawu a mkazi wosamudziwa, ndinati fodya wamuumitsa ubongo. Ndinkamupatsa chingwe kuti akoke. Iye anadikira nditope, n'kunena mofatsa.

"Musadzivute, bambo. Ngakhale mukanakwatira, mlandu panalibe. Tinakusudzulani."

Nkhuku tinadya awiri, iye akundisankhira chiwindi ndi nthutumba ngati mlendo wochokera kutali. Tinakamba za mvula, za feteleza, za mlatho umene madzi anakokolola. Madzulo ndinapita kumanda a mkazi wanga, anandipatsa mdzukulu wondiperekeza, ngati njira sindikuidziwa. Ndinagona kwa mwana wanga wamkazi. M'mawa mlamu anandiperekeza mpaka pamsewu, anandinyamulira chikwama, anauza wa mota kuti ayende nane bwino.

Pobwerera ndinadutsa pamsika wa m'malire, ndinagula kafoni ka mabatani ndi kalitawu katsopano ka Malawi. Nambala yake tsopano ndili nayo, ndinatumizanso yanga kudzera mwa mwana. Mpaka lero ndimati iye ndiye anafulumira kuleka, ndipo ndidzanena choncho pamaso pake tsiku lililonse limene angafune kukangana.

Ndimabipa m'mawa uliwonse. Masiku ambiri foni yake imakhala yosapezeka, akuti mawondo sakumulolanso kukwera chulu kawirikawiri. Masiku ena amabweza dzuwa lili pamutu. Lamulungu lapitali inalowa, anayankha yekha.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, nkhalamba yonunkha fodya. Simunafebe?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa ulemu, kenako anandifunsa ngati kuno kachewere wayamba maluwa.