Galimoto Yogona Pamtsetse

Aneba athu kuno ku Mpanshya ali ndi galimoto yakale kwambiri, yoti siilira popanda kukankhidwa. N'chifukwa chake nthawi zonse amaiimika pamtsetse, itayang'ana kumunsi. Amakonda kunena kuti, "Nkhalamba sitiikalipira, timaigwira mkono."

Chaka chatha anaganiza zopita ndi akazi awo ku Malawi, kupitirira Mchinji, kukaona apongozi. Anthu anawaseka. "Ba neba, ndi pa mapiri a ku Luangwa pomwe simufikapo!" Kunena zoona, anebawo mapiri sanawaope. Nkhawa yawo inali yakuti kwa apongoziwo n'kwachidikha, ndipo mkamwini sangauze apongozi ndi alamu kuti, "Tandikankheni."

Atafika, anaona chulu chachikulu kunja kwa mudzi, n'kukwezapo galimoto cham'mbuyo. Katundu anachita kusenza pamutu mpaka kunyumba.

Tsiku lobwerera banja lonse linawaperekeza kuchuluko. Aneba anakwera, n'kumasula buleki. Galimoto inatsetsereka, inakhosomola kamodzi, n'kulira.

Apongozi anaomba m'manja, nauza mwana wawo kuti, "Mwanawe, unakwatiwa ndi munthu waulemu. Ngakhale galimoto yake siiponda pabwalo panga!"