Netiweki Inaika Atate ku Ndola

Atate ankanena chinthu chimodzi, ataledzera kapena ali bwinobwino: "Ndikafa mundinyamule, mukandiike kwathu ku Katete, pafupi ndi amayi anga." Anagwira ntchito mumgodi mpaka chifuwa chinawathera, koma dothi la kuno ankati si lawo.

Anamwalirira m'nyumba mwathu ku Pamodzi, komboni ya kuno ku Ndola. Lole tinaipeza, azimayi akutchalitchi anayamba kuimba pabwalo, ndipo kumudzi anayamba kukumba manda. Chinatsala ndi chilolezo chonyamulira maliro. Popeza ine ndinasiya sukulu, aliyense amandiona ngati wopanda chochita. Anatuma ine.

Ku ofesi ya zilolezo kale kunali mzere ndi chidindo. Tsopano kuli mzere ndi kompyuta. Kuseri kwa galasi kunali bambo wina wa chipsera pachibwano, akutafuna mtedza.

"Zonse ndi pa intaneti tsopano, mwaice," anatero, kunditcha kamwana, osandiyang'ana. Anabayabaya kompyuta yake. "Nambala yachinsinsi yapita pa foni ya mutu wa banja. Ndiuze."

"Mutu wa banja ali kumotchale, bwana."

"Sindine ndinapanga makinawa."

Ndinakwera minibasi kubwerera kunyumba. Foni ya atate inali m'sutikesi pamodzi ndi zovala zawo, ndipo azakhali, alongo awo a atate, anali ataimanga ndi chitenje n'kuikhalira.

"Katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka tibwere kumanda," anatero.

"Azakhali, kumanda kwake kuti? Popanda foniyo sitipita kulikonse."

"Iwe, sukulu inakukanika, lero ufuna kundiphunzitsa mwambo?"

Akuluakulu anakhala pansi, anakambirana, anamwa tiyi, anakambirananso. Pomwe ankamasula chitenje dzuwa linali litapendeka ndipo nambala ija inali itatha ntchito. Ndinathamangira ku ofesi kuti atumize ina.

"Netiweki yapita. Mwise mailo," anatero wachipsera uja. Ndiye kuti ubwere mawa. M'magalasi ake a maso ndinkaona mpira ukuseweredwa pa kompyuta yomwe ankati yafa.

Mawa lake anati mailo. Mkuja anati mailo. Ndinamuuza kuti thupi likudikira, iye anandifunsa ngati ndikuganiza kuti ndine woyamba kufedwa. Mwini lole anapeza ntchito ina n'kupita. Chakudya cha pamaliro chinatha, olira anayamba kuchepa, akumotchale anati tichotse thupi. Tinawaika kuno ku Ndola, pakati pa anthu omwe sanawadziwe. Kumudzi, m'manda omwe anakumbira atate anakwiriramo thunthu la nthochi. Amayi mpaka lero salola nthochi kulowa m'nyumba.

Azakhali ndinawakhululukira pang'ono. Iwo ankaopa mizimu. Wachipsera uja sankaopa chilichonse.

Panopa ndimakhala m'kakantini ku msika wa Masala ndi laputopu yakale, kuthandiza anthu zinthu zonse zaboma zomwe zinathawira pa intaneti. Foni ya atate inandiphunzitsa ntchito. Tsiku lina chipsera chija chinaima pakhomo panga. Tsitsi lachita imvi, tayi palibe. Anapuma ntchito, ndipo za penshoni yake nazonso zinali pa intaneti. Munthu wakhala ndi kompyuta zaka zonsezo, koma ankadziwa mabatani a muofesi mwake okha.

"Mwana wanga, ndithandizeko. Ku ofesi akungondibweza."

Sanandizindikire. Ndinatembenuza laputopu kuti aone bwino kuti ikugwira ntchito, ndinatsegula mpira, n'kukweza mawu.

"Netiweki yapita, amdala. Mwise mailo."

"Koma si iyo ikugwira?"

"Sindine ndinapanga makinawa."

Anapita pakantini yotsatira. Anzanga onse amumzere wa makantiniwu anabwera pamaliro a atate, ndipo chipsera chija ndinawafotokozera kalekale. Ndinamva mnzanga akumuyankha mwaulemu wonse kuti mailo.

Amabwerabe. Amakhala pabenchi, chipewa m'manja. Amayi akuti ndimuthandize, Mulungu akuona. Ndinawayankha kuti ndidzamuthandiza tsiku lomwe atate adzafike ku Katete.