Atate Ankagona Kukhola

Ndinali ndi zaka khumi, m'masiku a Chitaganya, pamene ndinayamba kuchita manyazi ndi atate anga. Tinkakhala m'komboni ya famu ya ng'ombe zamkaka kufupi ndi tauni ya Beatrice, kudziko la Achishona, kumene chisanu cha mu Juni chinkayeretsa udzu kuti mbuu. Atate anali wokama ng'ombe, ndipo miyezi yozizira ankagona kukhola la ana a ng'ombe. Sindinafunsepo chifukwa chake.

Tsiku lina aphunzitsi anatiuza za Avaikingi, azungu akale a kumpoto kwenikweni, kumene madzi amauma gwa miyezi yambiri. Akuti ankamanga nyumba zazitali za makoma ochindikala, moto pakati, anthu mbali ino, ng'ombe mbali iyo, kuti kutentha kwa ziwetozo kuziwafunditsa. Tonse tinafa nazo kuseka, mpaka mtsikana wina anandiloza, akusakaniza mawu ndi Chishona.

"Baba ake a Esinati ndi Muvaikingi! Amagona ndi mombe!"

Dzinalo linandikakamira ngati chisoso. Ine ndinali mwana wapakamwa, choncho atate atangoweruka ndinawalasa nawo mawu.

"Atate, mukutichititsa manyazi. Anthu amagona m'nyumba."

Atate anangoti, "Chabwino, mwana wanga. Ndamva."

Anagona m'nyumba masiku anayi, ine ndikuyenda monyada. M'mawa wa tsiku lachisanu ndinawapeza akunjenjemera pakona, atadzikulunga m'chiguduli, chifuwa chikulira. Apo m'pamene maso anga anatseguka: bulangeti m'nyumba mwathu linali limodzi lokha, ndipo tinkafunda ine, amayi ndi mng'ono wanga.

Chibayo chinawagoneka milungu itatu. Kapitawo ankabwera pakhomo kudzaopseza kuti ntchito apatsa wina, ndipo pafamu ntchito ikatha, nyumba yathanso. Ndinachita mantha osaneneka. Amayi sanandimenye, bola akanatero. Anangoti, "Chando sichidziwa manyazi, mwanawe." Chando ndi mmene anzathu Achishona amatchulira chisanu.

Atate atachira, ndinanyamula ndekha mphasa yawo kupita nayo kukhola. Munali mofunda bwino, mukununkha ndowe ndi mkaka, tiana ta ng'ombe tikupumira pamodzi.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndimadziwa kuti ukaona munthu akugona malo onyozeka, kawirikawiri pali wina amene wamusiyira pabwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti mphasa ndinanyamula, koma pakamwa panga polongololapo sipanatuluke mawu akuti pepani, mpaka atate tinawaika m'manda.