Masamba a Maliro pa Tala Watsopano

Amuna anga ankakonza njinga pamphambano pomwe msewu wa kwathu ku Likoswe umakumana ndi waukulu wopita ku Limbe. Pamalopo panali chipwirikiti chokhachokha. Maminibasi ankaima paliponse, akabaza n'kumalowerera, malole n'kumaliza mahutala mpaka mutu kuwawa. Koma poti galimoto zinkayenda ngati nanzikambe, aliyense ankawadziwa bambowo. Madalaivala ankasuzumira pawindo n'kufunsa, "Achimwene, mwaswera?" Iwo ankangokweza sipanala m'mwamba.

Ine ndinali m'gulu la amayi a kutchalitchi amene tinkavutitsa akuluakulu kuti pakonzedwe, chifukwa tinali titatopa n'kutola ana ogundidwa. Ndipo anakonzadi. Anakuza msewu, anaika raundabauti, siteji n'kuisunthira kutali kumtunda. Ngozi zinachepa, sindinganame. Malo awo a ntchito atatha, amuna anga anabwera nazo zitsulo zawo pakhonde, n'kumandiseka kuti, "Mwapambana mayi, tsopano muzindiona tsiku lonse."

Sindinawaone nthawi yaitali. Anatisiya chaka chomwecho, mvula isanagwe.

Kwathu kukagwa zovuta timaika masamba pamsewu. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wapanjinga amatsika, wachipewa amavula. Alamu anga anathyola nthambi za mango n'kukaziyala pa tala watsopanoyo. Ine ndinali m'nyumba pamphasa, pakati pa amayi, koma khutu lili kumsewu. Ndinkafuna kumva injini, ngakhale imodzi yokha, ikutsitsa mawu chifukwa cha amuna anga. Nyimbo ikaduka ndinkangomva matayala, fyuu, fyuu. Masana alamu aja anadzagwada pakhomo.

"Alamu, masamba aja anyenyeka onse. Tiikenso?"

"Ikaninso," ndinatero. Mkwiyo ndinali nawo, koma womukwiyira ndinalibe.

Manda athu ali kutsidya kwa msewu. Tsiku loika tinafika m'mphepete mwa tala, abambo atasenza bokosi, akwaya akuimba. Galimoto zinkatuluka pa raundabauti zili paliwiro, madalaivala maso ali kutsogolo. Sindiwada ayi, msewuwo unakonzedwa kuti munthu asamaime, ndipo ndinapempha nawo ndine. Nyimbo inatha tikadali pomwepo. Onyamula anasinthana mapewa, akwaya n'kuyamba ina. Ndinaima kumbuyo kwa bokosi, anthu ali mbali zonse, koma chibadwire sindinamvepo kukhala ndekha ngati tsiku limenelo. Amuna anga anadikira mpata wowolokera ngati mlendo.