A Sikelo ndi Mbale Youma

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, bambo amene chipatala chonse chinkawatchula kuti a Sikelo anakankha ngolo ya chakudya kuchokera kukhitchini kupita ku wodi ya amayi, pansanjika yachitatu, katatu pa tsiku. Kalata yowalembera ntchito inkati udindo wawo ndi kunyamula mbale ndi kuzibweza. Iwo ankaona kuti amene analemba kalatayo sankawadziwa anthu ophika.

Ophika, malinga ndi a Sikelo, sanali anthu oipa mtima, koma dzanja lawo linkayamba lowolowa n'kumaliza louma. Mbale zoyamba zinkalandira ntchafu za nkhuku, zomaliza makosi ndi mapiko. Dzina lawolo analipeza chifukwa cha chizolowezi chonyamula mbale ziwiri, ina uku ina uku, n'kumaziyeza kulemera kwinaku akupukusa mutu. Zimenezo aliyense ankaziona ndipo ankaseka. Zimene sankaziona ndi za m'chikepe. Chikepecho chinali chokalamba, chinkatenga mphindi ziwiri ndi theka kuti chifike pamwamba, ndipo zitseko zikangotsekeka a Sikelo ankavundukula mbale imodziimodzi n'kukonza zimene khitchini yalakwitsa: mbatata yochoka apa kupita apo, ntchafu yogawidwa pakati, ndiponso msuzi pamene pauma, wotungidwa m'chidebe cha msuzi woonjezera chimene chinkayenda pansi pa ngolo.

Anabadwa achisanu ndi chiwiri m'banja la ana asanu ndi anayi, ndipo ankati munthu amene anakula akufikira m'mbale pomalizira safunika sukulu kuti adziwe masamu ogawa. Ana awo anayi anakula akuona lalanje likudulidwa ngati malire a munda wa mkangano. Mayi a kunyumba kwawo, okhawo odziwa za m'chikepe, ankati amuna awo akadakhala woweruza milandu bwenzi palibe womangidwa mopanda chilungamo, komanso palibe mlandu umene ukadatha.

Sabata imene nkhaniyi inachitika, pabedi yachisanu ndi chimodzi, pafupi ndi zenera, panagonekedwa mayi wina, telala, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Anagwa pampando akutsitsa mpukutu wa nsalu pashelefu yapamwamba m'shopu mwake, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Asanatchule n'komwe dzina lake kwa anamwino, anatchula matenda ake. Anali ndi siliyaki, matenda amene thupi la munthu limayamba kuwononga matumbo ake omwe likangolandira tirigu, ngakhale kanyenyeswa. Anakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ankawafotokoza ngati munthu wofotokoza mlamu wovuta amene sadzachoka panyumba.

Chipatala chinali ndi katswiri wa zakudya, mayi wa magalasi amene ankayenda ndi cholembera m'tsitsi. Iyeyo anagula poto watsopano, supuni yake, thabwa lake lodulirapo, n'kulamula kuti mbale ya a telala izimatidwa kapepala kofiira pachivindikiro. Kenako anaitana a Sikelo n'kuwauza pang'onopang'ono, akuwerenga zala, kuti buledi, mabisiketi, makeke ndi chilichonse cha ufa wa tirigu zisayandikire mbale imeneyo. A Sikelo anamvera ndi mtima wonse. Mbaleyo anaipatsa shelefu yakeyake pamwamba pa ngolo. Akagwira buledi ankasamba m'manja mpaka m'zigongono. Banzi limene ankayenda nalo m'thumba la malaya zaka zonsezo analisiya.

Tsiku loyamba, m'chikepe, anavundukula mbale ya kapepala kofiira. Munali mpunga woyera, nkhuku yowiritsa ndi masamba, zonse zouma gwa ngati zaanikidwa padzuwa. Anaiyang'ana kuyambira pansanjika yoyamba mpaka yachiwiri. Anabwereza m'mutu mndandanda wa katswiri uja, chala ndi chala, ndipo msuzi sunali pa chala chilichonse. Anatunga chipande chimodzi, n'kuthira mwaulemu m'mbali mwa mpunga, n'kuvindikira.

A telala anayang'ana kapepala kofiira, anayang'ana mbale, n'kunena kuti m'zipatala zonse zimene anagonamo, chino chinali choyamba kuwaphikira msuzi wawo wapadera. Anadya zonse. Mawa lake mimba inatupa ngati ng'oma, kenako inayamba kutsegula, ndipo sinasiye.

Apa ndi pamene panali vuto. Dokotala wa mafupa ankabwera pachipatalapo kamodzi pa mwezi, ndipo ankayembekezeka Lachinayi la sabata yotsatira. Dokotala wogonetsa anthu pa opaleshoni ananena mosapita m'mbali kuti munthu wotha madzi m'thupi chonchi iye samugonetsa. Lachinayi limenelo likadutsa, a telala akanagona chagada mwezi winanso, chitsulo chikukoka mwendo, ndipo anamwino ankadziwa zimene mwezi wotero umachita kwa munthu wa msinkhu umenewo, ngakhale sankazinena pabedi.

Katswiri wa zakudya anatembenuza khitchini yonse. Anawerenga zolembedwa pa paketi iliyonse, anataya mchere wotsegulidwa kale, anaimirira pambali pa poto kuyambira madzi akuzizira mpaka mbale itavindikiridwa. Mkulu wa ophika, bambo wa mimba ndi mawu aakulu, anakhumudwa, n'kumauza aliyense kuti anaphikirapo anthu a shuga, a impso ndi opanda mano, ndipo palibe anamutchapo mfiti. A telala nawo ankauza katswiriyo kuti mimba yawo sinamapo, tirigu akulowa penapake. Za msuzi palibe anazitchula, pakuti katswiri ankaona mbale isanachoke, ndipo ku wodi ankafika mbale zitachotsedwa kale.

A Sikelo anali kumbali ya a telala. Kunyumba ankauza mayi kuti anthu a kukhitchini akupha munthu ndi njala, ndipo kuti pakadapanda iwo mayi wa pazenera uja bwenzi akumeza mpunga ngati mchenga. Ataona masaya akulowa m'kati, chipande chimodzi chinasanduka ziwiri.

Lolemba, kutatsala masiku atatu, analawirira kuntchito kuti athire mafuta gudumu la ngolo limene linkalira. Anali asanafikepo kukhitchini m'mawa choncho, pakuti iwo ankachidziwa chakudya chitapsa kale. Atagwada pansi ndi kabotolo ka mafuta, anaona mkulu wa ophika akutapa ufa m'thumba la ufa wophikira buledi, akuusungunula m'kapu ya madzi, n'kuutsanulira mumphika waukulu wa msuzi.

“Ufawo ukukatani mmenemo?” anafunsa a Sikelo.

“Kodi a Sikelo, zaka zonsezi mumayesa msuzi umalimba ndi pemphero?”

“Tsiku lililonse?”

“Kuyambira musanamere imvi. N'chifukwa chake wa kapepala kofiira uja sitimupatsa. Sunthani mwendo, akulu, ndidutse.”

A Sikelo anamaliza kuthira mafuta. Anapukuta gudumu, kenako anapukutanso magudumu atatu amene sankalira. Masana amenewo mbale ya kapepala kofiira inakwera chikepe osavundukulidwa, ndipo pa mphindi ziwiri ndi theka zija iwo anaganiza mwadongosolo. Kuti apume pantchito panatsala zaka ziwiri. Palibe amene anawaona. Akangosiya, mimba isiya yokha, katswiri adzati mchere unali ndi vuto, aliyense adzakhutira. Anaona kuti maganizowa ndi abwino, ndipo chikepe chikanachedwa pang'ono mwina akanawakhulupirira mpaka kalekale.

Ku wodi anapeza dokotala wa pawodipo ataima pa tebulo la asisitala pamodzi ndi katswiri. Dokotalayo ankanena kuti popeza chakudya chafufuzidwa ndipo chapezeka chopanda vuto, ndiye kuti m'matumbomo muli matenda ena amene sakudziwika, ndipo sangapereke munthu kumpeni asanawadziwe. Zoyeza zikanatumizidwa kunja, zotsatira zikanabwera pakatha masabata awiri. Asisitala anatenga mndandanda wa Lachinayi n'kudula mzere pa bedi yachisanu ndi chimodzi. Anagwiritsa ntchito rula.

A Sikelo anagawa mbale zonse, imodziimodzi, mpaka inatsala ya pashelefu yapamwamba. Anaiika patsogolo pa a telala n'kuivundukula okha. A telala anayang'ana mpunga woumawo n'kufunsa ngati lero msuzi watha.

“Mayi, msuzi uja sunali wanu. Ndinkathira ndine, m'chikepe. Muli ufa wa tirigu. Ndaona lero.”

A telala anafunsa kuti anayamba liti, ndipo atauzidwa kuti tsiku loyamba, anafunsa chifukwa chake.

“Mbale inali youma.”

“Inayenera kuuma, achimwene.”

“Ndadziwa tsopano.”

“Unali wokoma, zimenezo sindikana,” anatero a telala. “Ndikadakhala ndi mwendo bwenzi ndakupondani nawo. Dokotala uja sanatuluke. Pitani mukamuuze zomwe mwandiuzazi, musachotsepo kapena kuwonjezapo. Kuwonjezako makamaka.”

Anapita. Dokotala anamvetsera, anawafunsa kawiri kukula kwa chipande, ndipo a Sikelo anakachitenga kuti achione. Katswiri wa zakudya anavula magalasi n'kuwapukuta kwa nthawi imene magalasi safuna. Mkulu wa ophika atamva anangoti akufuna kuti amene anamukayikira abwere mmodzimmodzi, sakufulumira.

Madzulo a tsikulo a Sikelo anaitanidwa ku ofesi ya woyang'anira antchito, amene anali ndi fomu. Atafunsidwa kuti khalidwe lovundukula mbale za odwala analichita kwa nthawi yaitali bwanji, anayankha kuti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Woyang'anirayo anaika cholembera pansi. Anafotokoza kuti akalemba zimenezo ayenera kulembanso chifukwa chake ofesi yake sinadziwe, ndipo fomuyo inalibe malo otero. Anafunsanso funsolo mwa njira ina, ndipo a Sikelo anayankha chimodzimodzi. Pamapeto pake panalembedwa kuti “kwa kanthawi”. A Sikelo anaimitsidwa ntchito masabata awiri, analandira kalata ya chenjezo lomaliza, ndipo kunalamulidwa kuti kuyambira tsikulo mbale zonse zizimatidwa tepi.

Nkhani za ku wodi ankazimva kwa mayi wokolopa amene ankakhala nawo mzere umodzi wa nyumba. Lachiwiri mimba inachepetsa. Lachitatu a telala anamaliza madiripi anayi, magazi anayezedwa, dokotala wogonetsa anabwera, anayang'ana lilime, anayang'ana mapepala, n'kuchoka. Lachinayi m'mawa asisitala analembanso bedi yachisanu ndi chimodzi pansi penipeni pa mndandanda, ndi cholembera cha mtundu wina. A telala analowa omalizira, dzuwa litapendeka, dokotala wa mafupa atayamba kale kuyang'ana wotchi.

Loweruka a Sikelo anavala jekete n'kunena kuti akupita kukazonda wodwala. Mayi a kunyumba anatulutsa nthochi ndi malalanje n'kuyamba kuika m'jumbo, akunena kuti munthu wamkulu salowa m'chipatala manja ali lende ngati wobwera kudzafunsa njira. A Sikelo anakana. Mayi anati nthochi ilibe ufa, zimenezo ngakhale mwana akudziwa. Iwo anayankha kuti sabata yatha ankadziwanso za msuzi.

Anadikira pachipata pamodzi ndi anthu ena mpaka belu la ozonda odwala litalira, ndipo mlonda amene anagwira naye ntchito zaka khumi anawafunsa, monga mwa lamulo, bedi imene akupita. Anakwera masitepe. A telala anali atatsamira mapilo awiri, chitsulo chija chitachotsedwa, nkhope ili yotuwa koma maso ali gwa. Anayang'ana jekete, kenako manja, dzanja lina ndi linzake.

“Mwabwera chimanjamanja?”

“Inde, mayi.”

“M'matumbamo?”

A Sikelo anatembenuza matumba onse awiri a jekete. Munali kiyi ndi kampango.

“Kokani mpando, mukhale,” anatero a telala.