Wina Achoke Kuti Wina Abwere

Nyumba imene kampani inandipatsa ku Kafue Estates inali ya munthu wa banja. Banja ndinali nalo ndithu, kungoti linali ku Katete. Mkazi wanga ankaphunzitsa pa pulaimale ina kumeneko, ndipo mwana wathu wamkazi ndinamusiya asanayambe n'kukwawa komwe. Zipinda zogona zinali ziwiri. China ndinkagonamo, chinacho ndinkayanikamo malaya mvula ikamagwa.

Ufulu wodzilamulira unali udakali watsopano, mafakitale akumangidwa, ndipo ntchito zimene kale zinali za azungu ankatipatsa ife amene tinapitako patali ndi sukulu. Ine ananditola chifukwa cha masamu, kuti ndiphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta pa fakitale ina. Kompyutayo sinali ku Kafue, inali ku Lusaka, ndipo ndinagwira ntchito miyezi yambiri ndisanaione ndi maso. Tinkalemba malangizo papepala, atsikana n'kuwaboola pa makadi, dalaivala n'kunyamula bokosi la makadiwo m'mawa. Yankho linkabwera mawa lake kapena mkucha. Ukaiwala kadontho kamodzi, mkucha ndi pomwe unkadziwa kuti ndiwe chitsiru.

Ntchito yotere ilibe nkhani. Anzanga a m'makina ankaweruka ali ndi fungo la ntchito yawo, ali ndi zokamba: paipi yaphulika, wakuti wapsa dzanja, kapitawo wakwiya. Ine ndikanati chiyani? Amene ankayesa kundifunsa, ndikayamba kufotokoza ankayang'ana kumbali. Chinanso, chilankhulo changa chinkawaseketsa. Mayi wa nyumba yoyandikana nane anandiuza tsiku lina pa mpanda kuti, "Imwe ba neba, mukamba monga ba m'busa pa Sondo." Anali kungocheza, koma ine ndine munthu wosunga zinthu kukhosi. Kuchokera pamenepo ndinkangopereka moni n'kulowa m'nyumba.

Kuti mkazi wanga abwere, njira inali imodzi. Mphunzitsi akafuna kusamukira chigawo china, ankayenera kupeza mphunzitsi mnzake wa kumeneko wofuna kubwera kumene iye ali, awiriwo n'kupempha kuti asinthane malo. Ndinafunsafunsa mpaka munthu wina kutchalitchi anandilozera ku Nangongwe, dera lina la mu Kafue momwemo. Anati kuli mphunzitsi wachikulire wa kwathu konko amene wakhala akulira zobwerera kwawo.

Ndinawapeza pakhonde la nyumba ya sukulu, akupala nsomba. Anali aatali, oonda, a imvi, mkazi wawo atamwalira kale, ana atabalalika ku migodi. Nditapereka moni wa kwathu, wathunthu, osadula, anaika mpeni pansi.

"Bwerezanso," anatero. "Makutu anga anaiwala kuti anthu amalankhula chonchi."

Nkhani ya kusinthana sinatenge nthawi. Iwo ankafuna kupita kuposa mmene ine ndinkafunira kuti apite. Anati miyendo yayamba kukana, ndipo sakufuna kuti adzawaike m'dambo la udzudzu, akufuna pafupi ndi amayi awo. Tinalemba pempho, mkazi wanga analemba lake, zonse zinapita kumaofesi. Chotsala kunali kudikira.

Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkalowera ku Nangongwe, ati kukafunsa ngati yankho labwera. Yankho linali lisanabwere, ndipo tonse tinkadziwa kuti si chimene ndabwerera. Iwo ankakazinga nsomba za mumtsinje, ine n'kuphika nshima, chifukwa yawo inkatuluka ndi mibulu ndipo ankakana kuvomera. Ankandinena kuti ndine mlembi wa makina osaoneka. Ankandifunsa za mitengo ya masuku ya m'mbali mwa msewu wa kwathu, ngati idakalipo. Pa sabata yonse, maola amenewo okha ndi amene ndinkamva mawu anga akutuluka osayamba ndawayeza.

Nthawi yomweyo kuntchito anandipatsa pulogalamu yanga yoyamba, m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa COBOL. Fakitale inkayenda usana ndi usiku, ndipo antchito ankakonda kusinthana mashifiti: uyu ali ndi maliro, uyo mkazi wake ali kuchipatala. Mayina awo ankakhala mu mndandanda, dzina lililonse pa malo ake a nambala, ndipo malowo ndi amene ankanena shifiti ya munthu. Ntchito yanga inali yakuti munthu wa pa malo achinayi akafuna kusinthana ndi wa pa malo achisanu ndi chinayi, makina awasinthe.

Ndinaona ngati za ana. Ndinalemba mizere iwiri: tenga dzina la pa 9 uliike pa 4, tenga la pa 4 uliike pa 9. Bokosi linapita ku Lusaka ndi mayina oyesera. Pepala litabwera, munthu wa pa 9 anali pawiri, pa malo ake ndi pa malo a mnzake. Wa pa 4 kunalibe paliponse.

Mkulu wanga wa ntchito, bambo wa ku migodi wosachedwa kuseka, analiyang'ana pepalalo n'kugwedeza mutu.

"Iwe, wamupaya munthu," anatero. "Mashini siziba munthu, iziba chabe malo. Ukaika chinthu pa malo, chamene chinalipo chayenda. Manje pa laini yachiwiri unali kutenga ndani?"

Ndinali kutenga munthu yemweyo amene ndinali nditangomuika. Makina sanyamula zinthu ziwiri nthawi imodzi ngati munthu wa manja awiri. Pamafunika malo achitatu, opanda kanthu, oti woyambayo akhalepo kaye pamene mnzake akulowa. Malo amenewa wolemba amawapatsa dzina lililonse limene wafuna. Anzanga ankawapatsa mayina a Chingerezi. Ine ndinawatcha KHONDE, ndipo mizere inakhala itatu:

MOVE DZINA (4) TO KHONDE.
MOVE DZINA (9) TO DZINA (4).
MOVE KHONDE TO DZINA (9).

Mkucha wake anthu onse awiri analipo, aliyense pa malo a mnzake. Ndinasangalala kwambiri, koma chisangalalocho ndinachisunga mpaka Lamulungu, poti panalibe wina womuuza. Aphunzitsi aja anamvetsera zonse, mpaka anandiuza kuti ndilembe mizereyo ndi kamtengo pa dothi.

"Ndiye woyambayo amakhala pakhondepo nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Simungaphethire n'komwe, bambo."

"Makina ako ndi aulemu," anatero. "Abwere adzagwire ntchito kumaofesi kwathu."

Tinaseka. Koma pobwerera madzulo amenewo, ndikudutsa pa timisika ta tomato ndi kapenta, ndinaganiza chinthu chimene ndinkachizemba. Munthu yekhayo amene ndinkacheza naye mu Kafue monse ndi amene ankayenera kuchoka kuti mkazi wanga abwere. Awiriwo sindikanakhala nawo pamodzi ngakhale Lamulungu limodzi. Zinandiwawa, ndipo ndinadzikwiyira kuti zikundiwawa.

Kalata ya aphunzitsi aja inabwera teremu ili pafupi kutha, nthawi yotentha ija mvula isanagwe. Inati akayambe ntchito ku Katete sukulu zikatsegulira. Ya mkazi wanga sinabwere. Ndinamulembera kufunsa, anayankha kuti kulibe chilichonse, ndipo ku ofesi ya kumeneko amuuza kuti adikire.

Apa mtima wanga unali m'mwamba. Mwina ndi ntchito ija imene inandichititsa mantha, sindikudziwa, koma ndinkaona bwinobwino mmene zingathere. Ndinapita kwa mkulu uja wa ku Nangongwe pakati pa sabata, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

"Bambo, musapite kaye. Dikirani kalata ya mayi a mwana ifike. Mukachoka pano, malo anu atsala opanda mwini, ndipo palibe amene akuwasungira iye."

Anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa malaya.

"Mwana wanga, ndikapanda kukaonekera tsiku lotsegulira, kalata iyi yafa. Ukudziwa zaka zimene ndaidikira? Ina sidzandipeza ndili moyo."

"Tinagwirizana kusinthana, osati kuti inu nokha mupite."

Ndinalankhula mokweza, kwa munthu wamkulu, pakhonde pake. Iwo sanandibwezere. Anangoti, "Ukunena zoona," ndipo mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa akanakana. Ndinachoka osatsanzika.

Mawa lake ndinapempha chilolezo kuntchito n'kupita kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ku Nangongwe. Ndinamupempha kuti malowo awasunge, asalole wina kulowapo mpaka mkazi wanga afike. Anali munthu wabwino, wotopa. Anandionetsa pawindo ana atakhala pansi mothinana, ena mpaka pakhomo.

"Ba sir, onani mweka," anatero. "Bana aba, mupando siungabapunzise. Nizayesa, koma sinine nituma ma ticha."

Tsiku limene mkulu uja ankanyamuka ndinapita kukawaperekeza, mkwiyo utatha, manyazi atatsala. Katundu wa zaka zonsezo anali thiranki imodzi, mpando wopinda ndi mtolo wa mabuku. Ndinawanyamulira thirankiyo mpaka pa msewu wa ku Lusaka. Ndinawapatsa chitenje choti akapatse mkazi wanga ndi tinsapato ta mwana, timene ndinagula mongoyerekeza kukula kwa phazi. Basi itaima anandigwira paphewa.

"Ndikafika ndikamukankha mkazi wakoyo ndi manja anga awa kuti abwere," anatero. "Usataye mtima."

Tchuthi cha sukulu chimenecho chinali chachitali kwa ine kuposa kwa ana. Kuntchito pulogalamu ija inayamba kugwiritsidwa ntchito pa mayina enieni. Anthu ankasinthana mashifiti mosavuta, palibe amene anasowa, ndipo mkulu wanga ananena pamaso pa anzanga kuti mnyamata wa kum'mawa wayamba kuganiza. Ndinabwera nawo mawuwo kunyumba n'kukhala nawo ndekha pa tebulo. Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi miyendo inkayamba yokha njira ya ku Nangongwe, ndipo ndinkazindikira ndili pakati. Ndinkakhotera ku mtsinje, kukaonerera asodzi ndi sitima ikamawoloka pa mlatho, mpaka njala indibweze. Chipinda chachiwiri chija ndinachisesa, ndinachotsa chingwe choyanikira, ndinagula kamatiresi kakang'ono.

Loweruka loti sukulu zitsegulira Lolemba ndinapita kukafunsa kwa mphunzitsi wamkulu ngati wamva kanthu. Njira yake inkadutsa pa nyumba ya mkulu uja. Ndili patali ndinamva wailesi. Pa chingwe panali malaya oyera atsopano, ndipo pakhonde paja panakhala mnyamata wina akupolisha nsapato.

"Mufuna ndani, bakamba?" anafunsa mwaulemu.

Ndinati ndimadziwana ndi amene ankakhala muno.

"Oo, ba mudala baja. Banayenda ku mwao. Nine naloba pa malo yao, banituma kuchoka ku koleji. Kalasi yao nayo nine nizatenga."

Ankamwetulira, mwana wa eni, ntchito yake yoyamba. Sindikanamuda, ngakhale ndinayesa. Ndinamufunira zabwino. Kwa mphunzitsi wamkulu sindinapitenso, chifukwa chimene ndinkakafunsa ndinali nditachiona.

Tchuthi changa cha pachaka chinafika patapita miyezi ingapo, ndipo ndinakwera basi ya kum'mawa. Ndinafika pa sukulu ya mkazi wanga masana, ana akuweruka. Iye anatuluka m'kalasi manja ali ndi choko, anagwada pang'ono n'kundilandira chikwama.

"Mwafika, bambo a mwana," anatero. Anali ataonda.

Tikuyenda anandifotokozera zimene m'makalata ankazilemba mozungulira. Sukuluyo inali yosowa aphunzitsi kuyambira kale, choncho mkulu uja atafika anawalandira ndi manja awiri n'kuwapatsa kalasi ina imene inalibe mwini. Mkazi wangayo sanamumasule, poti ku Kafue kunalibenso malo oti apiteko. Ku ofesi anamuuza kuti akafuna ayambirenso, apeze wina wosinthana naye. Wina sitinamupeze. Mkazi wanga sanaphunzitsepo ku Kafue.

Mkulu uja anawapatsa nyumba yoyandikana ndi ya mkazi wanga. Tinawapeza panja, atakhala pa mpando wawo wopinda, atanenepako, nkhope ikuwala ngati munthu amene wachira. Ataona kuti ndine, anaimirira msanga. Pafupi nawo panaima kamtsikana, kakuyenda kokha, kopanda nsapato. Tinsapato tija tinali titachepa tisanavalidwe.

Ndinagwada pa dothi n'kutambasula manja. Ndinamuitana dzina lake. Mwanayo anandiyang'ana, anayang'ana amayi ake, kenako anabwerera m'mbuyo n'kubisala kuseri kwa mwendo wa mkuluyo.

"Agogo," anatero.

"Pita," anatero mkuluyo. "Pita, awa ndi atate ako."

Anayesa kumukankha pang'onopang'ono ndi dzanja. Mwanayo anagwiritsa thalauza lawo ndi manja onse awiri.